Kuika pasiteji opera ya A Midsummer Night's Dream: mafunso amene anthu amafunsa kawirikawiri

Mafunso awa amabwera mobwerezabwereza, ena kuchokera kwa anthu a kwaya, ena a zisudzo, enanso kwa amene angoona kachidutswa pa YouTube n'kudabwa kuti bambo wamkulu chonchi akuimba bwanji ndi mawu okwera ngati a alito. Ndayamba ndi osavuta, ozama ali kumapeto. Mayankho ambiri mudzaona kuti akubwerera pa mfundo imodzi: mu opera iyi nkhalango, tulo ndi matsenga zonse zili kale m'nyimbo, nde chilichonse mungaike pasiteji chisaphimbe khutu la woonera.

Opera imeneyi ndi iti kwenikweni, ndipo anaipeka ndani?

Poyambira pake ndi sewero la William Shakespeare lomwe analemba cha m'ma 1595, linasindikizidwa koyamba mu 1600. Ambirife Shakespeare tinakumana naye kusekondale kudzera mu Macbeth kapena Romeo and Juliet, zamagazi ndi maliro, koma ili ndi lanthabwala, lothera pa maukwati atatu.

Amene analisandutsa opera, kutanthauza sewero loti mawu ake amachita kuimbidwa motsagana ndi okestra, ndi Benjamin Britten wa ku England, anabadwa mu 1913 ku Lowestoft namwalira mu 1976. Iyeyu ankakhala ku Aldeburgh, katauni kakang'ono ka m'mbali mwa nyanja ku Suffolk, komwe ndi anzake anayambitsa chikondwerero cha nyimbo mu 1948. Holo yawo, Jubilee Hall, inali ikukonzedwanso ndipo ankafuna opera yatsopano yoitsegulira. Nthawi yoti apeze wolemba mawu atsopano panalibe, nde Britten ndi Peter Pears, woimba tena amene ankakhala naye, anangotenga sewero la Shakespeare n'kulidula okha. Chaka chisanathe ntchito inali itatha. Anaionetsa koyamba pa 11 June 1960, Britten yemweyo akutsogolera okestra, John Cranko akuyendetsa za pasiteji, John Piper atajambula malo. Holoyo imalowa anthu ongopitirira 300 pang'ono, mfundo imeneyi muisunge chifukwa ibweranso tikamakamba za Oberon.

Nkhani yake imayenda bwanji?

Usiku umodzi m'nkhalango ya pafupi ndi Athens muli magulu atatu omwe sakudziwana.

Oberon ndi Tytania, mfumu ndi mfumukazi ya timizimu ta m'nkhalango, akukangana polimbirana kamnyamata kochokera ku India komwe Tytania akulera chifukwa mayi ake, amene anali mnzake, anamwalira pobereka. Oberon atakanizidwa mwanayo akutuma wantchito wake Puck kukatenga duwa lina loti madzi ake ukawadonthezera m'maso mwa munthu ali mtulo, amakonda chamoyo chilichonse chomwe ayambe kuchiona podzuka.

M'nkhalango momwemo mwathawira Hermia ndi Lysander chifukwa lamulo likukakamiza Hermia kukwatiwa ndi Demetrius. Demetrius akuwalondola, naye akulondoledwa ndi Helena amene amamukonda koma iye samufuna. Oberon wamumvera chisoni Helena nauza Puck kuti adonthezere Demetrius, Puck n'kudonthezera Lysander, basi zinthu kusokonekera mpaka anyamata onse awiri akufuna Helena ndipo atsikana akutukwanizana. Gulu lachitatu ndi amisiri 6 omwe abwera kudzayeserera kasewero koti akaonetse pa ukwati wa Theseus, wolamulira Athens, ndi Hippolyta. Puck akumuika mmodzi wa iwo, Bottom, mutu wa bulu, ndipo ndi iyeyo amene Tytania akuyamba kumuona. Kukucha Oberon watenga mwana uja, wamasula mkazi wake, okondana abwerera awiriawiri, amisiri akuonetsa kasewero kawo kunyumba yachifumu, pakati pa usiku timizimu tikudalitsa nyumbayo. Zonse ndi magawo atatu, pafupifupi maola awiri ndi theka osawerengera nthawi yopuma.

Timizimu, kondaine wa m'maso... si zaufiti zimenezi?

Funso ili limabwera makamaka kwa makolo amene ana awo aitanidwa kukaimba nawo. Timizimu ta Shakespeare ndi ta m'nthano zakale za ku England, sitimwa magazi, sitipha munthu, ntchito yake ndi kusamala maluwa, kuimbira mfumukazi kuti igone ndi kusocheretsa apaulendo. Mulibe mwambo uliwonse wopembedza. Duwalo lilipo kuti lionetse mmene mtima wa munthu umatembenukira msanga pa chikondi, ndipo dziwani kuti Demetrius anali atamusiya kale Helena n'kutembenukira kwa Hermia duwa lisanabwere n'komwe.

Chomwe ndingakuuzeni kuti muganizire mofatsa ndi khalidwe la Oberon, mwamuna wochititsa manyazi mkazi wake kuti amulande mwana. Zimenezo ndazikamba pa funso la kusamutsa nkhani.

Nyimbo yotchuka yotulukira akwati m'tchalitchi ija ili mmenemu?

Ayi. Wedding March ija ndi ya Felix Mendelssohn wa ku Germany, anaipeka mu 1842 ngati imodzi mwa nyimbo zoperekeza sewero lomweli likamachitidwa molankhula. Nkhani ndi yomweyo koma si opera, ndipo Britten sanatengeko kalikonse.

Britten anasintha chiyani pa sewero la Shakespeare?

Anadula pafupifupi theka, chifukwa mawu oimbidwa amatenga nthawi yaitali kuposa olankhulidwa. Koma otsalawo ndi a Shakespeare ndithu, anangoonjezerapo kamzere kamodzi kokha ka mawu 6 komwe Lysander amanena kuti lamulo likukakamiza Hermia kukwatiwa ndi Demetrius.

Kamzereko kanafunika chifukwa cha kusintha kwakukulu komwe anapanga. Shakespeare amayambira kunyumba yachifumu, bambo ake a Hermia, a Egeus, akudandaula kwa Theseus, aliyense n'kumva bwinobwino amene akukonda mnzake ndi amene akukanidwa. Britten zonsezo anachotsa, Egeus mulibe, Theseus ndi Hippolyta akuonekera m'chigawo chomaliza cha gawo lachitatu. Katani ikatseguka muli kale m'nkhalango dzuwa likulowa, oyamba kuwamva ndi timizimu. Kwa dayilekitala izi zikutanthauza zinthu ziwiri. Choyamba eni malo ndi timizimu, anthu ndi alendo ongolowerera. Chachiwiri chifukwa chonse chomwe achinyamatawa athawira chagona pa kamzere kamodzi kaja, Lysander akakameza kapena akakaimba atafulatira anthu, theka la holo lisochera mpaka nthawi yopuma. Muimikeni kutsogolo, nkhope kwa anthu.

Pamafunika anthu angati?

Mbali zokhala ndi mayina zilipo 19. Oberon, Tytania ndi Puck. Theseus wa besi ndi Hippolyta wa alito yotsika. Okondana anayi: Lysander tena, Demetrius baritoni, Hermia mezo, Helena sopulano. Amisiri 6: Quince kalipentala, Bottom woomba nsalu, Flute wokonza mivukuto, Snout wokhoma zidebe ndi mapoto, Snug wopanga mipando, Starveling telala. Kenako timizimu tinayi, Cobweb, Peaseblossom, Mustardseed ndi Moth, kuphatikizapo kakwaya ka ana. Kwaya ya akuluakulu mulibe.

Okestra yake ndi yaing'ono, anthu pafupifupi 30 akhoza kukwanira mu holo yaing'ono, m'maholo aakulu amangoonjezera a zingwe. Zida zouzira zilipo za anthu 10, oimba ng'oma ndi zogogoda awiri, azeze awiri, harpsichord ndi celesta (zida ziwiri zoimbidwa ngati piyano, yoyamba imakodola zingwe, yachiwiri imalira ngati timabelu). N'chifukwa chake masukulu a zoimba amaikonda kwambiri, palibe munthu mmodzi wosenza opera yonse, ophunzira ambiri amapeza poonekera.

Anthu akamati mu opera iyi muli maiko atatu a kamvekedwe amatanthauza chiyani?

Apa ndi pomwe pagona opera yonse. Britten gulu lililonse analipatsa zida zake moti utatseka maso ukhoza kudziwa amene walowa. Timizimu timayenda ndi azeze, harpsichord, celesta ndi tizitsulo tolira mopyapyala, mawu awo onse ndi okwera: ana, sopulano yokwera kwambiri ya Tytania, ndi Oberon. Okondana amayenda ndi zingwe ndi zitoliro, nyimbo zawo n'zotentha, zothamanga, ngati munthu wopuma movutikira. Amisiri ali ndi trombone ndi bassoon, zida za mawu onenepa zoyenda mopepeluka.

Nkhalangoyo nayo ili ndi mawu ake. Poyambirira penipeni oimba zingwe samadumpha kuchoka pa noti ina kupita pa ina ayi, chala chimatsetsereka pa chingwe kukwera n'kutsikanso, pang'onopang'ono, motsitsa kwambiri, ndipo chimene umamva ndi chinthu chachikulu chikupuma chili mtulo. Kamvekedwe kameneka kamabweranso pakati pa zochitika za gawo loyamba nthawi iliyonse gulu lina likatuluka lina lisanalowe. Gawo lachiwiri lamangidwa pa makodi anayi omwe pamodzi amagwiritsa ntchito manoti onse 12, kodi iliyonse ili ndi gulu lake la zida, ndipo ndi omwe amaimira tulo.

Nde wokonza magetsi ndi wojambula malo ayambe amvetsera zimenezi asanagwire pensulo. Malo amene nkhalango ikupuma si nthawi yokoka mipando kapena kuthamangitsa anthu pasiteji kuti pasakhale zii, nsapato imodzi ikagunda thabwa pamenepo mwaononga.

Oberon ndi mfumu, bwanji akuimba ndi mawu ngati a mzimayi?

Mawu amenewo amatchedwa countertenor, mwamuna woimba pa mlingo wa alito. Britten anailembera Alfred Deller mbali imeneyi, pa nthawi yomwe mawu otere ankangomveka m'makwaya a m'matchalitchi ndi m'nyimbo zakalekale, mu opera zatsopano munalibe. Ankafuna mawu oti ukawamva usadziwe powaika, osakhala a bambo kwenikweni, osakhala a mayi, osakhala a mwana, chifukwa Oberon si munthu.

Vuto lake pasiteji n'loti mawu a Deller anali okoma koma aang'ono, ndipo mbaliyi yakhala pansi, malo amene countertenor sakhala ndi mphamvu zambiri. Mu kaholo ka anthu 300 kaja zinalibe kanthu. Opera itapita ku Covent Garden, holo yaikulu ya ma opera ku London, mu 1961, Georg Solti akutsogolera ndipo John Gielgud akuyendetsa siteji, anaimba Oberon ndi Russell Oberlin wa ku America. Pambuyo pake James Bowman ndi amene anadziwika nayo kwa zaka zambiri.

Britten anachita kale mbali yake, Oberon akamaimba okestra imachepa, pena kumangotsala celesta ndi zeze. Inu musaononge pomukweza pamtengo kumbuyo kwenikweni chifukwa choti akuoneka bwino pamenepo. Nyimbo yake yaikulu, I know a bank, aiimbire kutsogolo, kumbuyo kwake kukhale chinthu cholimba chobweza mawu osati nsalu zolendewera zomwe zimawameza. Asamayendeyendenso kwambiri, mphamvu ya Oberon ili pa kudekha, wothamanga ndi Puck. Ngati countertenor wasowa, buku la nyimbo limalola mzimayi wa alito yotsika, ndi bwino kutero kusiyana n'kupatsa tena kapena baritoni kuti atsitse manoti, pamenepo nde dziko la timizimu lija lagwa.

Timizimu tiyenera kukhala ana basi?

Britten analembera anyamata amene mawu awo sanasinthe, ndipo sankafuna kaimbidwe kofewa kaungelo, ankafuna mawu akuthwa, a ana osamvera pang'ono. Ku England kwaya ya Trinity Boys Choir yakhala ikuimba mbali imeneyi m'malo ambiri. Makampani ena amasakaniza anyamata ndi atsikana ndipo zimayenda bwino. Azimayi akuluakulu akhoza kuimba manoti onse molondola koma kamvekedwe kamasandukira kwa okondana, kusiyana kuja kumachepa.

Ana amabwera ndi ntchito yake. Amaimba koyambirira, amaimba kumapeto kwenikweni usiku utapita, pakati amadikira nthawi yaitali, nde pamafunika munthu wamkulu woti ntchito yake ndi anawo basi. Ku Britain lamulo limafuna chilolezo cha khonsolo ndi wowayang'anira wovomerezeka. Mnyamata wa zaka 12 kapena 13 mawu akhoza kusintha pakati pa mapulakatisi, choncho mbali zinayi zija aliyense akhale ndi womulowera m'malo. Musaiwalenso kuti mu gawo lachiwiri Bottom akapempha nyimbo, timizimu timamuimbira tokha pasiteji ndi tizitoliro, tizitsulo ndi timatabwa togogoda. Zimenezo ayambe kuphunzira tsiku loyamba.

Nanga Puck bwanji saimba?

Amalankhula, koma molondola bwino kagundidwe komwe kanalembedwa, ndipo paliponse walowa pamalira lipenga ndi kang'oma. Britten anaona ana ochita masewera odumpha ndi kupidiguka ku Stockholm, n'kuona kuti Puck wake ndi ameneyo. Woyamba kuchita mbaliyi anali mnyamata, mwana wa katswiri wa zovina Léonide Massine.

Posankha Puck yang'anani thupi lopepuka ndi khutu lakumva nthawi, chifukwa ayenera kutera pansi pomwe ng'oma yagunda, komanso mawu oti adutse lipenga popanda kukuwa. Ena amasankha mnyamata, ena munthu wamkulu wa zisudzo. Wamkulu amadalirika pa nthawi, koma ubale wake ndi Oberon umasintha, mbama yomwe mfumu ikumenya wantchito wamkulu ndi yomwe ikumenya kamwana sizioneka mofanana, nde sankhani mukudziwa chomwe mukufuna anthu aone.

Nkhalango timaipanga bwanji pasiteji?

Njira ziwiri zotchuka zikusonyeza kuti palibe yankho limodzi. Ku Glyndebourne, malo oonetsera ma opera ku England, mu 1981 Peter Hall ndi wojambula John Bury anapanga nkhalango yakuda yonyezimira, mitengo yake inali anthu ovala nthambi ndi masamba omwe ankasuntha pang'onopang'ono motsatira kupuma kwa zingwe kuja, moti mtengo womwe Hermia anatsamira umapezeka wachoka. Bernard Haitink ndi amene ankatsogolera okestra, ndipo ntchito imeneyo akhala akuibwezeretsa kwa zaka zoposa 40. Ku Aix-en-Provence ku France mu 1991 Robert Carsen ndi Michael Levine sanaike mtengo ndi umodzi womwe. Siteji yonse inali bedi lalikulu lofunda zobiriwira, mapilo awiri akuluakulu, kumwamba kwabuluu ndi mwezi, kenako mabedi ang'onoang'ono angapo, mpaka ena kulendewera m'mwamba.

Onse awiri anamvera chinthu chimodzi, kuti nkhalango ya Britten ndi yamoyo ndipo ndi malo ogona. Ngati ndalama ndi zochepa ine ndingati iwalani zopenta mitengo pa mapulaiwudi, ikani ndalamazo pa magetsi, chifukwa nkhani ikuyenda kuchoka madzulo, kulowa usiku wa mdima, m'bandakucha, kenako usiku wina wa nyale kunyumba yachifumu, ndipo woonera azidziwa nthawi pongoona kuwala. Ganiziraninso msanga za kusintha kuchoka m'nkhalango kupita kwa Theseus mu gawo lachitatu. Pali kanyimbo ka okestra kophimba kusinthako koma sikatalika, chomwe mwamanga chiyenera kuchoka mwakachetechete kasanathe.

Anthu ogona pasiteji achuluka, timawaika pati?

Limeneli anthu amalizindikira mochedwa. Tytania amagona kumapeto kwa gawo loyamba ndipo amisiri amayeserera sewero lawo iye ali pompo osamuona. Kenako iye ndi Bottom amagona limodzi nthawi yonse imene okondana akukangana. Gawo lachitatu likamayamba pansi pali anthu 6 ogona. Aliyense akufunika malo oti aoneke kuti alipo koma osapondedwa, komanso osakoka maso pomwe ena akuimba.

Kumbukirani kuti ogonawo ndi oimba. Munthu wagona chagada pathabwa lozizira kwa mphindi zambiri, sangatsokomole, sangamwe madzi, kenako adzuke n'kuyamba pa noti yokwera motsitsa mawu. Muikireni kamatiresi kobisika, mutu ukhale molunjika kwa wotsogolera okestra kapena kasikirini koti aone dzanja lake akangotsegula diso limodzi. Utsi wa makina womwe ambiri amakonda pa nthawi imene Puck akusocheretsa anyamata mu nkhungu umatsikira pansi, ndendende pomwe pali mphuno za ogona, ndipo umaumitsa kukhosi. Uchepe, ndipo muuyeserere oimba ali pomwepo osati siteji ili yopanda anthu.

Mutu wa bulu umapangidwa bwanji kuti Bottom aziimbabe?

Pakamwa, chibwano ndi makutu a woimbayo zikhale poyera. Chigoba chotseka mutu wonse chimaoneka bwino pa chithunzi koma mkati mwake munthu amangodzimva yekha, okestra saimva, wotsogolera samuona, thukuta lili chuchuchu. Zomwe zimagwira ntchito ndi chipewa chokhala ndi makutu aatali, kamphuno kokhala pamwamba pa mlomo, ubweya m'masaya ndi m'manja, zotsalazo amalize ndi thupi, kayendedwe, kukanda, kugwedeza mutu. Kulira kwa bulu kuli kale m'nyimbo yake. Chivalidwe msanga chifukwa amatuluka ali munthu n'kubwera ali bulu pakangopita kanthawi kochepa, chivulidwenso mosavuta ali chigonere. Mumpatse ayambe kuchivala pa mapulakatisi koyambirira.

Owen Brannigan ndi amene anali Bottom woyamba. Mbaliyi imafuna munthu woseketsa koma wamtima wabwino, chifukwa pomwe Tytania akumukonda nyimbo yake ndi yokoma zenizeni, Britten sanaiseke, ndipo podzuka Bottom akamayesa kukumbukira loto lake n'kulephera kulifotokoza pamafunika anthu amumvere chisoni pang'ono.

Okondana anayi aja anthu amawasokoneza, tingatani?

Zovala zithandize. Anyamata avale zofanana mokwanira kuti kulakwitsa kwa Puck kumveke, paja anangouzidwa kuti amuzindikira ndi zovala za ku Athens, koma mitundu isiyane kuti wokhala kumbuyo kwa holo adziwe uyu ndi uti. Atsikana mawu a sewero amanena okha kuti Hermia ndi wamfupi, Helena ndi wamtali, ndipo pokangana amanyozana nazo. Oimba mumawasankha ndi mawu, nde mukapeza mezo wamtali konzani ndi nsapato, tsitsi ndi poimika.

Pokangana paja nyimbo imathamanga ndipo anayi onse amaimba mopingasana, musawapatse ndewu yogubuduzana mpaka mpweya kutha. Podzuka m'mawa amaimba anayi pamodzi mizere yokwera imodzi pambuyo pa inzake, aliyense akudabwa kuti wapeza mnzake. Pamenepo asiyeni angokhala, osawapatsa chochita.

Kasewero ka amisiri kamaseketsa bwanji anthu osadziwa opera?

Ndi nkhani ya Pyramus ndi Thisbe, okondana olankhulana pa kabowo ka khoma omwe amathera kudzipha. Britten anaipanga kukhala opera yaing'ono mkati mwa opera, yotsanzira ma opera a ku Italy a zaka za m'ma 1800. Flute, mwamuna wovala diresi ngati Thisbe, ali ndi chigawo cha misala choperekezedwa ndi chitoliro monga mu Lucia di Lammermoor, opera ya Donizetti wa ku Italy, ndipo mu 1960 Peter Pears amene anachita mbaliyi ankatsanzira woimba sopulano Joan Sutherland yemwe anali atangotchuka ndi Lucia di Lammermoor ku Covent Garden chaka chapitacho. Snout ngati Khoma amaimba mosagwira noti, pakati pa kuimba ndi kulankhula. Starveling ndi Mwezi, ali ndi nyali, chitsamba chaminga ndi galu wake. Snug ndi Mkango wopepesa kuti azimayi asaope.

Wosadziwa Donizetti amasekabe, bola amisiriwo asadziwe kuti akuseketsa. Ali ngati gulu la zisudzo la kumpingo lokonzekera sewero la Khirisimasi, pali wofuna kutenga mbali zonse, pali wamanyazi wokana kuvala zachizimayi, pali woloweza movutikira, pali mkulu woleza mtima wogwira pepala, ndipo onse akufunitsitsa kuti zikhale bwino. Akayamba kutsinzinira anthu diso nthabwala yafa. Ndimakonda kwambiri Flute akamayamba mwamantha mu gawo loyamba kenako pa mtembo wa Pyramus n'kupezeka kuti akuimba ndi mtima wonse, holo yomwe imaseka n'kukhala chete kanthawi. Maanja atatu oonerawo amaponya ndemanga zawo pakatipakati, akhale cham'mbali koma nkhope zikuoneka, apo ayi mawu awo atayika.

Tingasamutse nkhaniyi kuiika nthawi ina kapena dziko lina?

Zimachitika kwambiri. Baz Luhrmann mu 1993 ku Australia anaiika ku India wa nthawi ya atsamunda a ku Britain, okestra itavala yunifolomu ya asilikali ili pa nsanja ya bandi pasiteji pomwepo, timizimu tikuoneka ngati milungu ya Chihindu. Christopher Alden ku English National Opera mu 2011 anaiika pa sukulu ya anyamata, Oberon ali mphunzitsi amene wasiya kukonda Puck n'kutembenukira kwa kamnyamata katsopano, inatuluka nkhani ya nkhanza kwa ana ndipo anthu anagawanika kwambiri.

Maganizo anga ndi awa. Mdima ulimo ndithu mu opera iyi, celesta ya Oberon ndi yokoma komanso yozizira, ndipo zomwe akuchitira mkazi wake si zabwino, dayilekitala asabise. Koma kumapeto Britten analemba nyimbo ya madalitso yoimbidwa ndi ana, Oberon ndi Tytania limodzi, yoyenda modekha, ndipo ngati malo amene mwasankha sakulola kuti madalitsowo akhale oona nde kuti mukulimbana ndi nyimbo. Musanasankhe dziko kapena chaka dzifunseni ngati kumeneko kuli olamulira, amisiri wamba, lamulo lokakamiza mtsikana ukwati, ndi malo oti anthu amaopa kupitako usiku. Zinayi zimenezi zikapezeka nkhani ikhazikika.

Popanda okestra yonse zingatheke? Nanga chilolezo?

Gulu la Isango Ensemble la ku Cape Town, lotsogozedwa ndi Mark Dornford-May, linaichita ndi marimba, ng'oma ndi mawu a anthu m'malo mwa okestra, ndipo mu 2015 linapita nayo ku America. Ndi gulu lomwe lija linachita chimodzimodzi ndi The Magic Flute ya Mozart. Masukulu ena amachita zidutswa ndi piyano yokha. Chovuta n'choti marimba kapena piyano sizitsetsereka ngati chingwe, nde kupuma kwa nkhalango ndi maiko atatu aja muyenera kuwapezera njira ina, mwina ndi mawu a kwaya, osangosiya kuti zonse zimveke mofanana.

Mawu a Shakespeare ndi a aliyense koma nyimbo za Britten zili ndi eni ake. Ofalitsa ndi a Boosey & Hawkes, kwa iwo ndi komwe mumapempha chilolezo choonetsa n'kubwereka mabuku a okestra. Kusintha zida, kudula, kumasulira mawu kapena kujambula vidiyo yoika pa intaneti, chilichonse chimafuna chilolezo chakechake, nde lembani kalata musanalengeze tsiku. Pa za chilankhulo, Britten anayika manoti motsatira kagundidwe ka Chingerezi cha Shakespeare, njira yosavuta ndi kuimba momwemo n'kumaonetsa mawu omasulira pamwamba pa siteji ndi pulojekita.

The Fairy-Queen ya Purcell ndi yomweyi?

Ayi, gwero ndi limodzi koma ntchito ndi zosiyana. Henry Purcell anapeka yake mu 1692 ku London, ndipo mmenemo sewero limalankhulidwa ndi a zisudzo, nyimbo ndi magule zimabwera pakatipakati ngati zisangalalo, za Usiku ndi Tulo, za nyengo zinayi za chaka, za mlakatuli woledzera. Palibe mzere wa Shakespeare womwe Purcell anauika m'nyimbo, Oberon ndi Tytania saimba. Kuti muichite yonse mufunika magulu atatu, olankhula, oimba ndi ovina, n'chifukwa chake ambiri amangoimba nyimbo zake pa konsati. Glyndebourne inaichita yathunthu mu 2009, Jonathan Kent akuyendetsa siteji, William Christie akutsogolera nyimbo. Ubwino wake ndi woti nyimbo za Purcell zilibenso mwini wozilipiritsa, kupatula buku lomwe mwasankha kugwiritsa ntchito. Britten ankamukonda kwambiri Purcell, ndipo mukamvetsera I know a bank mumva kuti akumutsatira.

Ndiyambire pati ngati ndikufuna kuidziwa bwino?

Yambani ndi khutu. Pali chojambulidwa cha kampani ya Decca cha 1966 chomwe Britten yemweyo akutsogolera London Symphony Orchestra, Deller ali Oberon, Brannigan ali Bottom, Elizabeth Harwood ali Tytania. Mvetserani gawo loyamba muli ndi mawu m'manja, muzilemba pambali chida chomwe chalira munthu aliyense akalowa. Mukatero onerani vidiyo ya Glyndebourne ya 1981 kenako ya Carsen, kuti muone nyimbo imodzimodziyo itavekedwa mosiyana. Ngati muli ndi gulu, chidutswa choyamba kuyesa chikhale pomwe amisiri akugawana mbali mu gawo loyamba, chimangofuna amuna 6, piyano ndi benchi.